Chule samwa madzi ndi pakamwa

Akonzi, ndiloleni ndiyambe ndi kudziimba mlandu, chifukwa nkhani ya achule imene ndabwera nayo lero idayamba ndi kupusa kwa ine mwini. Ndidaphunzitsa sayansi kusekondale kwa zaka zambiri ndisadapume pantchito, choncho sindinganamizire umbuli.

Ndili ndi dimba m'mphepete mwa dambo kwathu ku Ntcheu, momwe ndimalima tomato, mpiru ndi anyezi. Pakati pa dimbalo pali chitsime chosazama chimene timatungapo madzi othirira. Mwezi wa Okutobala chaka chatha tomato adagwidwa ndi mbozi, ndiye tsiku lina madzulo ndidapopera mankhwala. Nditamaliza, dzuwa litalowa kale, msana ukuwawa, ndidatsukira sipuleya pamphepete penipeni pa chitsimecho ndipo madzi otsukirawo adayenderera kubwerera momwemo. Ndidaona ndi maso angawa, koma ndidati m'mtima, timadzi tochepa chotere tingachitenji?

M'mawa mwake mdzukulu wanga wa Sitandade 5, amene amakonda kunditsatira kudimba Loweruka, adathamanga kutsogolo ndi khenu. Posakhalitsa ndidamva akukuwa: "Agogo, bwerani mudzaone! Achule agona chagada!" Tidawerenga achule 7 akuyandama, mimba zili m'mwamba. Mwanayo adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi amwa mankhwala aja, agogo?"

Ndidamuyankha kuti sadamwe, chifukwa chule samwa madzi ndi pakamwa. Adaseka poganiza kuti ndikumucheza. Koma ndi zoona, ndipo amene wamvetsa mfundo imodzi imeneyi wamvetsa theka la moyo wa chule.

Khungu lathu anthu lili ngati lona: limatchinga madzi kuti asalowe ndiponso kuti asatuluke mwachisawawa. Mungakhale m'bafa ola lathunthu, ludzu silitha. Khungu la chule ndi lopyapyala, lonyowa nthawi zonse chifukwa cha timatumba tating'ono timene timatulutsa ulenda, ndipo pansi pake pali timitsempha ta magazi tambirimbiri. Chule akamva ludzu amapeza ponyowa n'kukhalapo, mimba ndi ntchafu zitagunda pansi. Khungu la pamenepo limayamwa madzi ngati thonje n'kuwapereka kumagazi. Mukadzaona chule atakhala phee pansi pa mtsuko kapena pamatope a pamjigo, dziwani kuti akumwa. Madzi ena amawasunga m'chikhodzodzo, ndipo kukauma thupi limatha kuwatenganso m'menemo. N'chifukwa chake chule amene wakukodzerani m'manja mutamugwira wataya nkhokwe yake ya madzi pofuna kudzipulumutsa.

Khungu lomwelo amapumiranso. Mpweya wa okosijeni umalowa m'chinyontho cha pakhungu n'kudutsa kupita m'magazi, ndipo mpweya woipa umatulukira momwemo. Chule ali pansi pa madzi osayendayenda akhoza kukhala nthawi yaitali osatulutsa mphuno kunja. Koma khomo limene limalowetsa madzi ndi mpweya silidziwa kusankha alendo. Mankhwala a mbozi, sopo, mafuta a pampu, zonse zimalowera pomwepo. Ana amene amathira mchere pamsana pa chule kuti aone akuphupha sadziwa kuti mcherewo ukukoka madzi kuchoka m'thupi mwake, ndipo akufa ndi ludzu iwo akuseka. Achule anga 7 aja sadafunikire kutsegula pakamwa. Kungokhala m'madzi awo a masiku onse kudali kokwanira.

Mapapo ali nawo ndithu, awiri, koma ndi timatumba wamba poyerekeza ndi athu. Chodabwitsa n'chakuti achule ambiri alibe nthiti, ndipo alibenso mnofu uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba umene ife timakokera nawo mpweya. Nanga amapuma bwanji? Muyang'anitsitse pakhosi pake: pamangoti phamphampha osalekeza. Amatsitsa pansi pa kamwa kuti mpweya ulowere m'mphuno, kenaka amatseka mphuno n'kukweza pansi pa kamwapo, mpweya n'kukankhidwira m'mapapo. Tinganene kuti chule amameza mpweya. Ndikamaphunzitsa ndinkauza ana kuti atseke pakamwa ayesere, ndipo kalasi lonse linkasanduka dziwe la achule kwa mphindi zingapo.

Mtima wake uli ndi zipinda zitatu, ziwiri pamwamba ndi chimodzi pansi, pamene wa munthu uli ndi zinayi. Magazi ochokera kumapapo ndi ochokera kuthupi amakumana m'chipinda chapansicho, ngakhale sasakanikirana kwambiri monga momwe mabuku akale ankanenera. Ena amati mtima wotere ndi wotsalira. Ine sindivomereza. Nyama imene nthawi zina imapumira mapapo, nthawi zina khungu lokha, imafunika mtima wotha kuchepetsa magazi opita kumapapo pamene mapapowo sakugwira ntchito, ndipo wa zipinda zitatu umatha zimenezo. Komanso chule satenthetsa thupi lake ngati ife. Kutentha kwake kumatsatira kwa malo amene ali. Motero safuna chakudya chambiri, ndipo akhoza kukhala miyezi osadya.

Apa mpamene pali yankho la funso limene tinkakangana tili ana: achule amachokera kuti mvula yoyamba ikagwa? Ena ankalumbira kuti amagwa ndi mvula kuchokera kumwamba. Zoona zake n'zakuti amakhala pansi pa mapazi athu chilimwe chonse, m'ming'alu ya dambo, m'mauna, pansi pa miyala ndi zinyalala, mtima ukugunda pang'onopang'ono. Chule wamkulu uja wa m'madambo otentha, amene m'madera ena amadyedwa, amadzikwirira m'dothi n'kudzikuta ndi zikopa zake zofundula, zingapo pamwamba pa zinzake, kungosiya mphuno. Amakhala m'chikuto chimenecho mpaka mvula itafewetsa nthaka. Chule yemweyu ndi bambo wosamala ana: wamwamuna amalondera ana ake m'chithaphwi, ndipo chikayamba kuphwa amakumba ngalande ndi miyendo yakumbuyo kuti awatsogolere kumadzi ambiri. Amaluma ndithu mukamuputa, poti kunsagwada yapansi ali ndi timafupa tosongoka ngati mano.

Kadyedwe ka chule ndidakaonetsetsa pakhonde panga nyengo ya ngumbi. Chule wa khungu lokhakhala amabwera pansi pa nyali n'kukhala ngati mlonda. Ngumbi ikatera pafupi, mumangoona yasowa. Lilime lathu lidamera kumbuyo kwa kamwa, koma la chule lidamera kutsogolo, nsonga yake n'kuloza kummero. Amaliponya ngati mkwapulo, limamata kachilomboko ndi malovu ake onanda, n'kubwerera msanga kuposa kuphethira kwa diso. Ndiye pomeza amatsinzina mwamphamvu. Si kukoma kwa ngumbi ayi. Maso ake aakuluwo amatsikira m'kamwa n'kuthandiza kukankhira chakudya kummero, poti pakati pa diso ndi kamwa palibe fupa lotchinga. Satafuna. Achule ambiri ali ndi timano ting'onoting'ono kunsagwada yapamwamba kokha togwirira nyama kuti isapulumuke, ndipo achule okhakhala aja alibiretu mano. Amadya chokhacho chimene chikuyenda: ziwala, agulugufe a usiku amene amaikira mazira a mbozi, chiswe, nyerere, nkhono zing'onozing'ono. Taonani tsono manyazi anga. Ndidapha alonda amene ankandigwirira ntchito usiku uliwonse osalipidwa, pofuna kupha adani omwe iwo ankadya.

Za miyendo sindichulukitsa, aliyense adaona chule akudumpha. Ndingonena kuti msana wake ndi waufupi, mafupa osaposa 9 pamene munthu ali ndi 33, khosi alibe, ndipo mafupa a kakolo adatalika moti mwendo wakumbuyo umapindika patatu. Ukatambasuka nthawi imodzi, thupi lonse limaponyedwa ngati mwala wa palegeni.

Phokoso la m'dambo usiku wa Disembala ndi la amuna. Chule polira satsegula pakamwa. Amayendetsa mpweya womwewo kuchoka m'mapapo kupita m'thumba la pakhosi n'kuubwezanso, ndipo thumbalo likafufuma limakuza mawu. Mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake, ndipo wamkazi amasankha wa mtundu wake pakati pa chisokonezo chonsecho. Makutu ake ndi timabwalo tija tooneka ngati kang'oma kuseri kwa maso. Akakumana, wamwamuna amakwera pamsana n'kugwira zolimba, koma mazira sakhwimira m'mimba: wamkazi amawatulutsira m'madzi, wamwamuna n'kuthirapo mbewu yake pomwepo. Mazirawo alibe chikamba ngati a nkhuku, angokutidwa ndi zoterera. Ngati mwaona zingwe zazitali za timadontho takuda zitakulungika pa udzu wa m'madzi, amenewo ndi mazira a chule wokhakhala, ndipo wamkazi mmodzi amaikira zikwi zambiri. Ochepa okha ndiwo amakula, ena onse amadyedwa ndi nsomba, mbalame ndi tizilombo ta m'madzi.

Si onse amene amaikira m'madzi. Thovu loyera lija timaliona litalendewera panthambi pamwamba pa chithaphwi, limene ana amati ndi malovu a njoka, ndi chisa cha chule wa mumtengo. Wamkazi amatulutsa madzi oterera n'kuwapuntha ndi miyendo mpaka achite thovu, mazira n'kukhala m'kati. Patapita masiku ochepa ana amagwera okha m'madzi ali pansiwo. Nayenso finye, uja amafufuma ngati mpira mukamukhudza, safuna dziwe n'komwe. Amaikira mazira m'una pansi pa nthaka ndipo ana amatulukamo ali kale tiachule. Popeza wamwamuna ndi wamng'ono ndipo manja ake ndi aafupi moti sangakumbatire mkazi wonenepayo, amamatirira pamsana pake ndi ulimbo wotuluka pakhungu. Ndikafika pamenepa m'kalasi, ngakhale ogona kumbuyo ankadzuka.

Koma chimene chimandigometsa kuposa zonse ndi mbululu. Mbululu ndi nyama ina ndithu: imapumira makha ngati nsomba, mtima wake uli ndi zipinda ziwiri, ili ndi mchira, ndipo matumbo ake ndi aatali opindika ngati nkhata chifukwa imadya ndere. M'masabata owerengeka thupi lonse limaphwasulidwa n'kumangidwanso mwini wake ali moyo. Miyendo yakumbuyo imayamba kuoneka, yakutsogolo pambuyo. Makha amafota, mapapo amayamba ntchito, matumbo amafupika kuti agaye nyama, kamwa limatambasuka. Mchira suduka monga ambiri amaganizira. Thupi limausungunula n'kuudya, ndipo ndiwo kamba wa kachule pamasiku amene sikangathe kudya chifukwa kamwa likusinthidwa.

Amene amalamula ntchito yonseyi ndi mahomoni ochokera m'kachiwalo ka pakhosi, komwe kaja kakatupa mwa munthu timati ali ndi chithokomiro. M'chaka cha 1912 katswiri wina, Friedrich Gudernatsch, adadyetsa mbululu nyama ya kachiwalo kameneka ndipo zidasanduka tiachule ting'onoting'ono nthawi isadakwane. Ena pambuyo pake adachotsa kachiwaloko ndipo mbululuzo zidangokula osasanduka achule. Mahomoni amenewa sapangika popanda ayodini, yemwe uja a zaumoyo amatiuza kuti tiziyang'ana papaketi ya mchere. Chimene chimasandutsa mbululu kukhala chule n'chomwecho chimene chimakulitsa ubongo wa mwana m'mimba mwa mayi. Ndikanena kuti thupi la chule ndi lathu n'zapachibale, sindikutukwana munthu.

Chibale chimenechi chidatipindulira kuchipatala, ngakhale ochepa ndiwo amadziwa. Mtima wa chule umapitiriza kugunda kwa maola utachotsedwa m'thupi, ukasungidwa m'madzi oyenera. Dokotala wa ku London, Sydney Ringer, ankafufuza madzi oyenerawo cha m'ma 1882 ndi 1883. Womuthandiza adagwiritsa ntchito madzi a pampopi m'malo mwa madzi osungunulidwa opanda mchere uliwonse, ndipo mitima idagunda bwino kwa nthawi yaitali. Ringer atazindikira n'kubwereza ndi madzi oyeretsedwawo, mitima idafooka msanga. Pofunafuna chifukwa adapeza kuti m'madzi a pampopi mudali kashiamu, ndipo mtima sungagunde popanda iye. Kuchokera pamenepo padabadwa madzi a mchere osakaniza bwino amene amatchedwa ndi dzina lake. Dokotala wa ana wa ku America, Alexis Hartmann, adawakonzanso m'zaka za m'ma 1930. Mukadzapita kukazonda wodwala, muwerenge pathumba la diripi. Kawirikawiri mudzapezapo dzina la Ringer. Pamliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, diripi imeneyi ndiyo inkaikidwa kwa amene adatha madzi kwambiri m'thupi. Ambiri amene adatuluka m'matenti aja akuyenda okha sadziwa kuti nkhani ya mankhwala awo idayambira pamtima wa chule.

Palinso chule wina wa m'madzi, wophwatalala, woterera kwambiri, wopanda lilime, wokhala ndi zikhadabo zakuda kuzala zitatu za phazi lililonse lakumbuyo. Akatswiri amamutcha Xenopus, ndipo a maiwe a nsomba amamudziwa poti amakodwa m'makoka awo. M'zaka za m'ma 1930 akatswiri ogwira ntchito ku Cape Town adapeza kuti chule wamkazi wa mtundu umenewu akabayidwa mkodzo wa mayi woyembekezera amaikira mazira pasanathe tsiku. Mpaka m'ma 1960 zipatala za m'maiko ambiri zinkaweta achule a ku Africa amenewa kuti aziyezera mimba. Kachipangizo kamene amayi amagula kufamase lero kamafufuza homoni yomweyo imene thupi la chule linkaimva. Ndi chule yemweyunso amene John Gurdon wa ku Britain adagwiritsa ntchito mu 1962 posonyeza kuti selo limodzi la m'matumbo lili ndi malangizo okwanira kupanga nyama yathunthu, ntchito imene idamupatsa mphotho ya Nobel mu 2012.

Tsono zikhulupiriro. Tili ana tinkauzidwa kuti ukagwira chule wokhakhala utuluka njerewere. Si zoona, njerewere zimayamba ndi kachilombo kopatsirana pakati pa anthu. Zotupa za pakhungu la chuleyo ndi timatumba ta poizoni, ndipo ziwiri zikuluzikulu zili kuseri kwa maso. Galu akamuluma amatuluka thovu kukamwa ndipo sabwerezanso. Kwa munthu n'kokwanira kusamba m'manja ndi kusagwira m'maso. Agogo anga aakazi ankatiletsa kupha chule pachitsime, ati chitsime chiphwa. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinkaseka mawu amenewa pamaso pa ana a sukulu. Lero ndimaona kuti lamulo lawo linkateteza chitsime kuposa satifiketi yanga. Komabe ndichenjeze mbali inayi: ena amati madzi okhala ndi chule ndi abwino kumwa. Ayi. Tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena otsegula m'mimba sitipha chule. Chule wamoyo sakutsimikizira kuti madzi ndi abwino. Koma chule wakufa akukuuzani kuti m'madzimo mwalowa choipa. Madzi a pachitsime chosatetezedwa tiziwiritsabe kapena kuthira kolorini.

Chimene chidandisowetsa tulo usiku wa tsiku lija si achule okha. Amayi amene amandigula tomato amatsukira tomatoyo pachitsime chomwecho, ndipo dzuwa likaswa mtengo ena amatunga ndi manja n'kumwa. Mdzukulu wanga yemweyo ndidamuonapo akutero. Achule akadapanda kuyandama m'mawa uja, palibe akadadziwa kanthu, poti madziwo ankaoneka oyera bwinobwino.

Vutoli si la dimba langa lokha. Padziko lapansi pali mitundu ya achule yoposa 7,000, ndipo kafukufuku wamkulu wa mu 2023 adapeza kuti pamitundu 100 iliyonse ya achule ndi abale awo, pafupifupi 41 ili pachiopsezo chotheratu. Palibe gulu lina la nyama za msana limene lili pamavuto otere. Chifukwa chachikulu ndi kuonongeka kwa malo awo okhala, monga momwe tikulimira madambo mpaka m'madzi ndi kudula mitengo ya m'mbali mwa mitsinje. Palinso matenda a fangasi amene amagwira khungu, ndipo popeza chule amadalira khungu posunga mulingo wa madzi ndi mchere m'magazi, mtima umaima. Matendawa athetsa kale mitundu yambiri ku Central America ndi ku Australia. Kuno kwathu paphiri la Mulanje pali achule amene sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, moti nkhalango ndi timitsinje ta paphiripo zikatha, kulibe kokawatenga ena.

Ine ndidachita zochepa zimene ndikadatha. Tidakapa chitsime chonse kawiri, ndidauza amayi aja chimene chidachitika ngakhale zidali zochititsa manyazi, ndipo kwa masabata angapo madzi otsukira tomato tinkachokera nawo kumjigo. Sipuleya tsopano ndimaitsukira kumtunda, kutali ndi dambo, ndipo madzi otsukira ndimawapoperanso pambewu monga momwe alangizi amanenera. Mabotolo otha ndimawaboola kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Nkhaniyi ndidaitula pamsonkhano wa alimi a m'dambo lathu. Ena adamva, ena adaseka kuti aphunzitsi akalamba ayamba kulira maliro a achule, ndipo mnzanga wa dimba lakumtunda akutsukirabe m'ngalande imene imadutsa kwa tonsefe. Tidzakambirananso mwezi wamawa pamaso pa amfumu.

Mvula itagwa mu Disembala, mdzukulu wanga adapeza zingwe ziwiri za mazira pa udzu wa m'mphepete mwa chitsime. Adatapa mbululu zingapo n'kuziika m'chigubu chodula pakhonde, ndipo m'mawa uliwonse asadapite kusukulu ankaziyang'ana ngati zamera miyendo. Tsiku limene yoyamba idatulutsa manja adandidzutsa kusadache, ndipo adakana kudya phala mpaka titakaibweza kudimba.